Womasulira Alibe Pakamwa

1

Dzina langa ndi Paston Mhone, kwathu ndi ku Nkhata Bay. Mukafunsa za ine pamsika, ena adzakuuzani kuti ndi mnyamata uja anazungulira mutu ndi sukulu, ena adzati ndi uja anagulitsa Mulungu kwa apolisi. Musawatsutse. Werengani kaye.

Uthenga wa imfa ya mlongo wanga Rosina unandipeza m'chaka cha 1956, ndili ku koleji ya aphunzitsi kumwera. Ndinakwera sitima ya Ilala ndi kathumba ka zovala, mabuku ndinawasiya pabedi poganiza kuti ndibwerera posachedwa. Sindinabwerereko. Pamene ndinkatsika padoko n'kuti ataikidwa kale.

Rosina ndiye anandilera. Ada, bambo anga, anapita ku Harare ine ndikukwawa, anatchona komweko. Ama, mayi anga a NyaLongwe, anali otanganidwa ndi za Mulungu. Banja lathu linali limodzi mwa mabanja ochepa a Chikatolika m'dera lodzaza Apulezibetiriya, ndipo Ama ankasenza ulemu wa mpingo wonse pamutu ngati mtsuko wodzaza, osafuna kuti litayike ngakhale dontho. Motero amene ankandisambitsa anali Rosina. Amene ankanditumbula matekenya ndi minga, uku akuimba nyimbo za malipenga molakwitsa dala kuti ndiseke m'malo molira, anali Rosina. Ankaseka kwambiri mlongo wanga, mpaka kugwira m'nthiti.

Anamupeza pa kamtsinje ka kuseri kwa Chikale, padziwe pomwe amayi amaviika chinangwa. Nkhope inali m'madzi, mutu utaphwanyika kunkhongo. Adokotala a boma atamuyeza anapeza kuti anali ndi pakati. Mwamuna wake Morgan anali ku Joni kwa zaka zingapo, ndipo ankayembekezeka kubwera mvula ikatha. Sipanafunikire mphunzitsi wa masamu kuti anthu adziwe kuti mimbayo si ya Morgan.

Apolisi anagwira Amon Chiumia, msodzi, mwana wa mkulu wa mpingo wa Apulezi, mnzanga amene tinaphunzira naye kupalasa bwato. Umboni waukulu unali wa Ama. Anauza apolisi kuti m'mawa wa tsikulo, akupita kukagulitsa ufa kumsika, anakumana ndi Amon akuthamanga kuchokera kumtsinje, kabudula atanyowa, maso ali ngati a munthu wamisala.

2

Ndinapita kukamuona m'chitokosi cha ku boma. Ndinapita ndi malovu okonzeka m'kamwa.

“Aphunzitsi afika,” anatero Amon, atagwira zitsulo za pazenera. “Mwabwera kudzandilavulira? Yambani, ena atha kale kutero.”

“Mimba inali yako?”

“Inali yanga. Sindinakanepo.”

“Ndiye unamupheranji?”

Anali ataonda, ndevu zitamera mwa apo ndi apo.

“Paston, ine ndinkafuna tithawe. Ndinamuuza kuti tikwere sitima tipite ku Tanganyika Morgan asanafike. Ukumudziwa mlongo wako. Anati iye si wakuba kuti athawe, adzaima padoko n'kumuuza Morgan pamaso kuti ukwati watha. Tinakangana, inde. Anandigenda ndi makoko a chinangwa, akundinena kuti ndine mwamuna wa mtima wa nkhuku. Ndinachoka ndikutukwana. Ndinamusiya akusenda chinangwa, akuseka.”

“Ama anakuona ukuthamanga.”

“Ndinkayenda. Ndipo Ama ako sindinakumane nawo. Njira ya kumsika ndi ya kumtsinje zimakumana pati, iwe?”

Ankanena zoona, njirazo sizikumana.

Potuluka, sajeni anandiuza kuti mlandu udzazengedwa woweruza wamkulu akabwera, misewu ikauma. “Mlandu wopepuka uwu,” anatero akusenda chimanga chowotcha. “Mimba ndi yake, anakangana, ndipo mboni ndi mayi wa kutchalitchi. Chingwe cha ku Zomba chikumudikira.”

Ndinayenda mpaka kumsika ndisakudziwa chimene ndikufuna. Ama Prisca, amene amagulitsa ufa moyandikana ndi Ama, anandipatsa pepani wawo, kenako tinacheza za maliro amene sindinawaone.

“Ine uthenga unandipeza pompano,” anatero. “Ndinali nditawasungira malo a NyaLongwe m'mawa wonse, ndikukangana ndi anyamata a usipa. Sanabwere. Ndinati kapena mutu wawadwalitsanso.”

“Sanabwere kumsika tsiku limenelo?”

“Ndanena kuti sanabwere? Kapena linali tsiku lina. Ndakalamba, mwanawe.” Anayamba kukonza mulu wa ufa umene unali wokonzeka kale.

Kunyumba ndinafunsa Ama mofatsa, ngati nkhani wamba. Anali akusita nsalu ya paguwa.

“Nditamuona mnyamata uja mtima unandigunda, ndinabwerera panjira,” anatero osandiyang'ana. “Ukufunsa Prisca za mlongo wako? Munthu wa mpingo wa bambo ake a Amon?”

“Ndangofunsa, Ama.”

“Ukungokhala, n'chifukwa chake. Mutu wopanda ntchito umaola. Ndalankhula ndi Bambo Gerard. Akufuna munthu wodziwa Chinyanja, ndipo ndawauza kuti mwana wanga alipo.”

3

Bambo Gerard anali wansembe watsopano pa kamishoni kathu. Anakhala zaka zambiri ku Dedza, Chinyanja ankachilankhula ngati anabadwa nacho, koma Chitonga ankangodziwa moni. Amuna ambiri analibe vuto, poti anayendako. Vuto linali amayi achikulire amene sanachokepo m'dera lathu. Pasaka anali pafupi, ndipo Mkatolika aliyense amayenera kulapa asanalandire Ukaristiya wa Pasaka.

“Mpingo umalola womasulira ngati palibe njira ina,” anandiuza Bambo, “koma sindifuna kuti musenze katundu wa anthu. Tichita chonchi.”

M'kachipinda ka zovala za Misa anapachika chinsalu pakati. Iwo ankakhala mbali ino, wolapa ankagwada mbali inayo, ndipo dzanja lawo ankalipisa pansi pa chinsalucho kuti wolapayo aligwire. Ine ndinkakhala pa kampando pakona, nditayang'ana kukhoma. Ntchito yanga inali kufunsa m'Chitonga mafunso a pa Malamulo Khumi, limodzi limodzi, lililonse n'kumalizira ndi mawu akuti kangati. Wolapa sankayankha ndi pakamwa. Ankafinya dzanja la Bambo, kamodzi ngati anachita kamodzi, katatu ngati katatu, osafinya ngati sanachite. Bambo ankangoti, “Lotsatira.” Ine sindinkaona munthu, sindinkamva yankho.

“Komabe mudziwe,” anatero, “mukamva kanthu mwangozi, lamulo limene limandimanga ine lakumanganinso inu. Simungauze munthu. Ngakhale mayi wanu, ngakhale Bwanamkubwa, ngakhale ine amene tikatuluka m'chipinda chino. Mwamva?”

Ndinati ndamva, ndipo ndinapsompsona mtanda.

Ndinene zoona, masiku oyambirira ntchitoyo inandipepuza mtima. Panali gogo wina, ndinkamudziwa ndi katsokomoledwe kake, amene ankafinya pa funso lililonse, mpaka ndinkamva zala za Bambo zikulira. Wina, pa funso la kutukwana, anatenga nthawi yaitali mpaka Bambo anati, “Auzeni kuti zakwana, Mulungu amadziwa kuwerenga.” Ndinaluma mkono wa malaya kuti ndisaseke, ndipo ndinalakalaka Rosina akanakhalapo kuti ndikamusimbire. Ndinakumbuka kuti ngakhale akanakhalapo sindikanaloledwa.

4

Linali Loweruka masana, malata akulira ndi dzuwa. Ndinamva chitseko, mapazi opanda nsapato, maondo akugunda pamphasa. Ndinayamba monga mwa nthawi zonse. Lamulo loyamba. “Lotsatira.” Lachiwiri, lachitatu, lachinayi. “Lotsatira.”

“Mwapha munthu, kapena kuthandiza wina kupha? Kangati?”

Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndifunse za chigololo. Koma Bambo sananene kuti “Lotsatira.” Ndinamva mpando wawo ukulira.

“Bwerezani,” anatero chapansipansi. “Kapena sanamve bwino.”

Ndinabwereza, pang'onopang'ono.

“Usabwereze, ndamva,” anatero mawu kuseri kwa chinsalu. “Muuze mzunguyo kuti ndi Rosina.”

Anali mawu amene anandiphunzitsa kupemphera Tikuoneni Maria.

“Auzeni asalankhule,” anatero Bambo msangamsanga. Chitonga sanachimve, koma dzinalo analimva. “Auzeni agwiritse dzanja. Ayi, Paston, tulukani. Tulukani tsopano, ndidzapeza womasulira wina.”

Ndinayesa kudzuka. Kampando kanakwekwereza pansi.

“Khala pomwepo,” anatero Ama. “Ukatuluka, ine ndikafa mawa ndi tchimoli, udzayankha ndiwe. Unapita kusukulu kuti uzimasulira. Masulira.”

Ndinakhalanso pansi. Ama anayamba kulankhula, ndipo ankapumira pakutha pa chiganizo chilichonse kundidikira, monga amachitira alaliki. Ku koleji anatiphunzitsa kuti womasulira wabwino sanena kuti akuti, amalankhula ngati mwini mawu. Pakamwa panga panachita zimene panaphunzira.

“Ndinamufunira mankhwala kuti mimba ichoke Morgan asanabwere,” ndinatero m'Chinyanja, ndikuyang'ana khoma. “Anawataya kuchimbudzi. Ndinamutsatira kumtsinje, ndinabisala mpaka mnyamata uja atachoka. Ndinamupempha. Ndinati ukwati wa mu tchalitchi sutha. Ndinati Apulezi adzatiimba nyimbo mpaka ku Chintheche, kuti taonani mwana wa mayi wa korona wopempherera uja. Anandiseka. Anati, Ama, inu mumaopa nyimbo kuposa Mulungu. Anawerama kuti avuule chinangwa, akusekabe. Ndinatola mwala wotsenderezera chinangwa.”

Apa mawu anandithera. Ama anadikira, kenako anabwereza chiganizocho kuti ndisachidumphe.

“Ndinamumenya nawo kunkhongo. Sindinafune kuti afe. Ndinafuna asiye kuseka.”

M'chipindamo munkanunkha lubani wakale ndi thukuta. Fungo limenelo likandipeza lero ndimathamangira panja.

Bambo Gerard analankhula kwa nthawi yaitali, ndipo ine ndinkatembenuzira m'Chitonga. Anati Mulungu sakana munthu wolapa moona. Koma anati pali mnyamata m'chitokosi chifukwa cha bodza lawo, ndipo kulapa kosabweza zimene unawononga n'kunyoza Mulungu. “Afunseni ngati akulonjeza kupita ku boma kukachotsa bodzalo pa Amon mlandu usanazengedwe. Popanda lonjezo limenelo sindingawamasule. Ayankhe ndi dzanja.”

Ndinafunsa. Sindinamve kanthu. Kenako Bambo anayamba mawu a Chilatini a chikhululukiro, ndipo ndinadziwa kuti dzanja lafinyidwa.

Titamaliza ndinakakhala kuseri kwa nthochi za pamishoni mpaka dzuwa litapendeka.

5

Ama ndinawapeza pakhonde akuyanika usipa pamphasa.

“Wachedwa,” anatero. “Kunali anthu ambiri?”

“Ama, mupita liti ku boma?”

“Kukatani?”

“Munalonjeza.”

“Ndinalonjeza chiyani? Unaliona dzanja langa? Ndimayesa womasulira amayang'ana kukhoma.” Anathamangitsa nkhuku ndi mwendo. “Akatekisiti anatiphunzitsa kuti womasulira alibe pakamwa, ali ndi makutu okha. Ananama?”

“Amon apachikidwa, Ama.”

“Amon anagona ndi mkazi wa mwini. Amene anaika mlongo wako m'manda ndi iye, kaya ndi dzanja liti.” Anandiyang'ana m'maso kwa nthawi yoyamba chibwerereni. “Za Prisca zatha tsopano, si choncho? Samba m'manja, udye.”

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chimene anandipezera ntchito. Ndikanapitiriza kufunsa, ndikanadziwira pamsika, ndipo za pamsika munthu amanena. Anasankha kuti ndidziwire pa malo okhawo m'dziko lonse pamene kudziwa kumatseka pakamwa. Anandimanga ndi korona yemweyo anandipachika m'khosi ndili mwana. Sindinadye chakudya cha m'manja mwawo kuyambira tsiku limenelo. Ndikaona zala zawo zikutsina nsomba, ndinkaona mwala.

Ndinadikira kuti kapena mtima uwatsutsa. Pasaka anadutsa, analandira Ukaristiya atavala zoyera. Misewu inayamba kuuma. Ndinapita kumishoni, ndinapeza Bambo Gerard akukonza njinga yawo yamoto pansi pa mtengo wa mango.

“Bambo, sadzapita.”

“Ndani?”

“Mukudziwa.”

“Paston, sindingalankhule nanu za munthu aliyense amene anagwadapo m'chipinda chija. Sindinganene ngakhale kuti anabwera kapena sanabwere.”

“Tinali awiri, Bambo. Ndinakuuzani ndi pakamwa panga.”

Sipanala inawapulumuka n'kugwera mu mchenga. Sanaitole. Anali ataonda kuposa Amon.

“Mnyamata wa m'chitokosi ndimamupempherera tsiku lililonse,” anatero.

“Chingwe sichimva Chilatini.”

“Mukuganiza kuti sindikudziwa? Tamverani. Tsiku limene wansembe adzatsegule pakamwa kamodzi kokha, ngakhale pa chifukwa chabwino, palibenso adzagwade. Wakuba, wakupha, adzafa ndi zawo m'mimba, ndipo sipadzakhala munthu ndi mmodzi yemwe wowauza kuti bwezani. Lero boma lifuna dzina la wakupha. Mawa lidzafuna mayina a amene akukana Chitaganya cha maiko chimene azungu atikakamiza. Ndidzawakaniza bwanji nditavomera lero?”

“Mumawauza kuti bwezani. Amabweza?”

Anapukuta manja pa kansalu, nthawi yaitali, ngakhale anali atayera kale.

“Ndinalakwa kukukhazikani pa kampando kaja,” anatero. “Kulakwa kumeneko ndi kwanga, ndipo ndidzakuyankhira. Koma sindingakumasuleni. Mukalankhula, mpingo udzakutsekerani masakramenti. Ndikukuuzani ngati wansembe wanu.”

“Nanga ngati munthu?”

“Munthuyo ndinam'siya pakhomo tsiku limene anandidzoza.”

Ndinafuna kuwada, koma sizinatheke. Ndinangonyansidwa ndi mkanjo wawo woyerawo, kuti ungayere chotero.

6

Musaganize kuti ndinapita ku boma ngati ngwazi. Ndinkadziwa kuti ndikuchotsa chingwe m'khosi mwa mnzanga kuti ndichiike m'khosi mwa mayi wondibala. Ndinkakhulupiriranso za moto wosatha, ndipo pena ndimakhulupirirabe. Ndinapita chifukwa nthawi iliyonse ndikatseka maso ndinkamva pakamwa panga pakunena kuti ndinatola mwala, ndipo ndinkafuna mawuwo abwerere kwa mwini wake.

Sajeni anandimvetsera mpaka kumapeto. “Iwe, mayi ako enieni?” anatero. Anandilowetsa kwa bwana wake wachizungu, amene anandifunsa ngati ndimamwa kachasu, kenako anatumiza zonse kwa loya amene boma linampatsa Amon.

Mlandu unazengedwa m'bwalo la ku boma, anthu atadzaza mpaka m'mazenera. Morgan analipo, atavala suti ya ku Joni. Ama anagwira Baibulo n'kulumbira, ndipo anabwereza nkhani ya kabudula wonyowa osaphonya liwu. Loya atawafunsa za zimene ine ndinanena, analira.

“Mwana wanga imfa ya mlongo wake yamusokoneza,” anatero. “Sukulu anasiya, kudya anasiya. Musamulange, bwana. Ndataya kale mmodzi.”

Amayi a kutchalitchi analira nawo. Ine ndinanena zanga, ndipo pamene ndinkafotokoza za chinsalu ndi dzanja, Apulezi ena kumbuyo anaseka. Nyimbo zimene Ama ankaziopa zinayamba tsiku lomwelo.

Kenako anaitana Bambo Gerard.

“Kodi mayi uyu anabwera kudzalapa kwa inu Pasaka asanafike?” anafunsa loya.

“Sindingayankhe.”

“Kodi mnyamata uyu akunama?”

“Sindingayankhe.”

Woweruza anavula magalasi. Anawauza kuti lamulo la dziko silidziwa chinsinsi cha tchalitchi, kuti moyo wa munthu uli pachiswe, ndipo kuti akhoza kuwatsekera chifukwa chonyoza bwalo.

“Ndikudziwa, bwana,” anatero Bambo. “Bulangete langa ndabwera nalo, lili panja pa njinga.”

Anaima chomwecho, manja kumbuyo, osayang'ana Ama, osayang'ana ine, osayang'ananso Amon amene anali pafupi nawo moti akanatha kumugwira paphewa. Liwu limodzi likanakwana. Ngakhale kugwedeza mutu. Ndinayang'anitsitsa ndevu zawo kuti kapena zigwedezeka. Sizinagwedezeke.

Woweruza sanawatsekere. Ndikuganiza kuti boma silinafune mkangano ndi mpingo pa nthawi imene linali ndi mikangano yokwanira. Pogamula anati zimene ndinanena ine n'zakumva, sizingamangitse munthu, makamaka poti wina amene analipo wakana kutsimikiza. Koma anatinso sangapachike munthu pa umboni wa mayi mmodzi amene mwana wake womubala akumutsutsa, ndipo amene Ama Prisca, atakakamizidwa, anavomera kuti sanafike kumsika. Anamasula Amon.

Ama sanawagwire. Apolisi anati palibe umboni. Pa mabuku a boma, Rosina Mhone anaphedwa ndi munthu wosadziwika.

7

Amon anatuluka, koma anthu a ku Nkhata Bay sanamumasule. Theka la anthu linati anapulumuka chifukwa cha mnzake wamisala. Eni makoka anakana kumutenga m'bwato, ati ali ndi magazi, nsomba zithawa. Ndinamuperekeza padoko tsiku limene anakwera sitima kupita kukafuna ntchito kunja.

“Ndikuthokoze?” anandifunsa.

“Usavutike.”

“Rosina akanaseka, ukudziwa. Akanati amuna awiri, mmodzi mtima wa nkhuku, wina pakamwa pa dengu.” Amon anayesa kuseka, zinakanika. Anakwera osacheuka.

Akuluakulu a mpingo ananditsekera masakramenti, monga Bambo ananenera. Amayi achikulire anasiya kubwera kudzalapa kwa miyezi yambiri, ndipo gogo uja wofinya pa funso lililonse anamwalira asanalape, poopa kuti zake zikamveka ku boma. Ana ake amandiloza chala mpaka lero. Pamenepo Bambo Gerard sananame, ndipo sindibisa.

Ndinasamuka pakhomo pa Ama. Ndimagona kuseri kwa sitolo ya Mmwenye wina, kumene ndimathandiza kugulitsa nsalu. Lamulungu lina miyendo inanditengera kumishoni, ndipo ndinaima panja pazenera pamodzi ndi ana osabatizidwa. Inafika nthawi ya Ukaristiya. Ama anadzuka oyamba, mpango woyera kumutu, manja atawapinda pachifuwa. Anagwada kutsogolo, anatseka maso, anatulutsa lilime.

Wansembe saloledwa kumana munthu Ukaristiya pagulu chifukwa cha zimene anamva polapa, poti kutero n'kuulula. Bambo Gerard anafika pa iwo. Ndinaona dzanja lawo, lomwe lija linafinyidwa pansi pa chinsalu, likuima m'malere kanthawi kochepa kwambiri, koti amene sakudziwa sakanaona. Kenako anaika Thupi la Ambuye pa lilime limene linalumbira bodza pa Baibulo. Ama anameza, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kubwerera pamalo pawo akuyenda pang'onopang'ono kuti onse awaone.

Inu owerenga, ena mwa inu ndinu Akatolika ndipo mwanditaya kale. Ena si Akatolika ndipo mukuti taonani mpingo wobisa zigawenga. Nonse mwafulumira. Ndinaona wansembe wokonzeka kugona m'ndende kuti gogo wosauka akhale ndi malo amodzi onenerako zoipa zake popanda mantha, ndipo munthu wotero sindingamutche woipa. Ndinamuonanso yemweyo ataima chete pambali pa mnyamata wosalakwa amene ankayezedwa khosi. Lamulo limene linapangidwa kuti liteteze wolapa, mayi anga analitola ngati mwala wachiwiri, ndipo silinathe kudziteteza. Amene analikonza sanaganizire za munthu ngati Ama, kapena anaganizira n'kuona kuti Amon mmodzi si mtengo waukulu kulipira.

Musandifunse ngati ndinachita bwino. Akandiuza kuti ndilape kuti anditsegulire, ndimafunsa kuti ndilape chiyani, poti ndikanabwerera ndikananenanso. Mundipempherere ngati mpingo wanu umalola. Koma mukafika ku Nkhata Bay, pitani kumanda a pamishoni, mzere wa kumapeto kufupi ndi mpanda, pomwe anagona Rosina. Maluwa amene mudzapeze pamenepo amabzala ndi Ama, ndipo amawathirira Loweruka lililonse anthu akuona. Ine ndimapita Lolemba kukawazula.